Dothi la ku Kamphulusa

Inu amene munabwera posachedwa pa siteji pano simukumudziwa Gelevazio Kamtsitsi. Ife tinayamba naye kabaza njinga zamoto zisanachuluke ku Lobi kuno, nthawi imene munthu ukaliza hutala ana ankatuluka m'nyumba kudzaona. Sendezani chikunicho ndikuuzeni zimene zinamuonekera. Zina anandiuza yekha, zina ndinaona ndi maso angawa.

Gelevazio anali wamtali, wokonda kuseka, wa pakamwa pofewa. Njinga yake yamoto inali yofiira, ndipo ankaisamala kuposa mkazi wake, mpaka mkaziyo anatopa n'kubwerera kwawo ku Kasina. Ife tinkangozungulira momwe muno, kunyamula azimayi a kuchigayo ndi matumba a mbatatesi. Iye ayi. Ankadutsa malire kulowa ku Mozambiki, kupyola Ulongwe, kupyola Furankungo, mpaka kumapiri ouma kumene anthu amakumba golide. Kumeneko kunali msasa wotchedwa Kamphulusa, ulendo wa masiku awiri. Mwini maenje a kumeneko, amene onse ankangomutchula kuti Bwana Dikisoni, ankafuna anthu okumba nthawi zonse, ndipo Gelevazio ndiye ankamupititsira. Akapeza mwamuna amene chimanga chamuthera m'nkhokwe, ankamukhazika pansi, kumugulira tiyi, n'kumuuza za golide amene amatoledwa ngati mtedza. M'mawa mwake munthuyo anali pambuyo pa njinga, kachikwama pamiyendo.

Mng'ono wake Lufeyo sankafuna kupita. Anali ndi dimba la mbatatesi m'mphepete mwa dambo, ndipo mkazi wake Ndaziona anali woyembekezera. Koma chaka chimenecho chiwawu chinapsereza dimba lonse, ndipo Gelevazio anamulondalonda milungu itatu yathunthu.

"Miyezi inayi yokha, Lufe. Ukabwera ndi malata. Mwana wako adzabadwire m'nyumba yosadontha."

Anapita naye mwezi wa Meyi.

Uthenga unafika mu Okutobala. Mayi wina wophikira okumba ku Kamphulusa anaimba foni kuti dzenje lagumuka, ndipo Lufeyo ali pansi. Gelevazio anakhala ndi uthengawo tsiku lonse pa siteji pano, osanyamula munthu. Madzulo anapita kwa mayi ake, a Nangozo. Anawapeza akusankha nyemba pa lichero. Atamva, sanalire. Anaika lichero pansi bwinobwino, n'kumuyang'ana.

"Anamuchotsa pakhomo pano ndi iwe. Ukamutenge komwe unakamutula."

"Amayi, akuti dzenjelo ndi lakuya ngati mitengo iwiri ya bulugamu. Palibe amene angamufikire."

"Ndiye ukanditengere dothi limene lamukwiriralo. Tidzaika thunthu la nthochi m'bokosi pamodzi ndi dothilo. Koma usadzapondenso pakhomo pano uli chimanjamanja."

Ndaziona anali atakhala pakhonde, mwana wamasabata atatu kubere. Anamuyang'ana kamodzi, n'kuweramira mwanayo. Gelevazio anati kuyang'ana kwakeko kunamuwawa kuposa mawu a mayi ake.

Ananyamuka m'mawa mwake. Popita panalibe chachilendo. Anagona ku Furankungo, n'kupitiriza. Kupyola pamenepo msewu wabwino umatha, n'kuyamba dziko limene inu simunalionepo. Mitengo inadulidwa kalekale yochirikizira maenje. Mitsinje imayenda madzi onga tiyi wamkaka, opanda nsomba, ndipo ng'ombe zimakana kumwa. M'mbali mwa njira muli maenje osiyidwa, pakamwa pali yasa, ena ofunditsidwa ndi udzu moti munthu ukapatuka kukataya madzi umayenera kuyamba wagogoda pansi ndi ndodo. Umadutsa misasa imene anthu anaithawa golide atatha, mapepala akuda akungokupiza pa mitengo. Fumbi lake ndi lotuwa ngati phulusa, limalowa m'mano. Kutentha kwa Okutobala kumachita kutuluka pansi. Gelevazio anali atadutsa njira imeneyi kambirimbiri akuimba nyimbo, koma ulendo uwu anati ndi pamene anazindikira kuti kumeneko kulibe mbalame.

Anafika ku Kamphulusa tsiku lachiwiri, cha m'ma leveni. Makina ogaya miyala anali akulira ngati masiku onse. Amuna otuwa thupi lonse ankakoka zidebe ndi zingwe pa dzenje latsopano. Bwana Dikisoni anali pa mpando wake wapulasitiki pansi pa lona, akudya mango ndi mpeni.

"Wamva, eti? Pepa. Ntchito yake ndi yotero."

"Anali angati, bwana?"

"Atatu. Mng'ono wako, Zuze, ndi Witinesi. Onse obwera ndi iwe."

"Munayesako kukumba?"

"Tsiku limodzi. Ukachotsa fosholo imodzi, zimagwa ziwiri. Ndikanataya anthu ena pofuna mitembo?" Anaponya nthangala ya mango kutali, n'kupukuta mpeni pa thalauza. "Ukamabwera ulendo wina unditengere anthu amphamvu. Ukuona wekha kuti ndaperewera."

Gelevazio anandiuza kuti ankafuna kumulavulira. Koma chimene chinatuluka pakamwa pake chinali "Chabwino, bwana." Anali atazolowera.

Amene anamusonyeza malowo anali mayi woimba foni uja, Mayi Filomena, mzimayi wachikulire wa ku Tete. Panalibe choti munthu aone. Malo otsetsereka pang'ono, dothi lofiirira, nsonga ya mtengo umodzi itatulukira, ndi chingwe choduka. Dzenje latsopano lija linali masitepe makumi awiri okha kuchokera pamenepo.

Mayi Filomena anayankhula motsitsa mawu, akuyang'ana kumbali. "Anagogoda masiku awiri, bambo. Chitsulo pamwala. Tonse tinkamva. Bwana analamula kuti makina azilira usana ndi usiku. Tsiku lachitatu atazimitsa, kunali zii."

Gelevazio anagwada, n'kutulutsa jumbo m'thumba.

"Muitaneni ndi dzina," anatero mayiyo. "Munene bwinobwino amene mukumufuna. Kwathu timatero."

Anatsegula pakamwa kuti anene kuti Lufeyo, koma dzinalo silinatuluke. Amuna a pa dzenje latsopano anali atasiya kukoka zingwe, akumuyang'ana, ndipo angapo mwa iwo anali anthu amene iye anawabweretsa. Anatapa dothi katatu ndi manja onse awiri. Mvula inali isanagwe miyezi isanu, koma dothilo linali lonyowa, lozizira ngati la pansi pa mtsuko. Anamanga jumboyo, n'kungonena monong'ona kuti, "Tiyeni tizipita kwathu."

Mayi Filomena anagwira pakamwa, n'kubwerera ku miphika yake osatsanzika.

Ananyamuka dzuwa lili paliwombo, jumbo ili m'chikwama, chikwama atachimanga ndi malegeni kumbuyo kwenikweni. Chitunda choyamba, chimene masiku onse ankakwera ndi giya yachitatu atanyamula munthu ndi katundu wake, tsiku limenelo chinamutsitsa mpaka giya yoyamba. Injini inkalira ngati yanyamula matumba a simenti. Atafika pamwamba anaima kuti aone. Matayala anali ndi mpweya wokwanira. Mafuta a injini analimo. Koma zopondera za wokwera kumbuyo, zimene anazipinda ku Lobi kuno chifukwa anali yekha, zinali zotsitsa zonse ziwiri. Anazipindanso ndi phazi, n'kudziuza kuti ndi mabampu.

Anayenda ola limodzi, n'kuima pamthunzi wa mwala kuti amwe madzi. Botolo lalikulu limene anadzaza ku Kamphulusa linali ndi madzi pansi penipeni. Chivindikiro chinali chothina. Chikwama chinali chouma. Anayang'ana pansi, zopondera zinali zotsitsanso. Ulendo uno sanazikhudze.

Anayang'ana m'mbuyo, njira imene wadzera. Mkukuluzi wa tayala lake mumchenga unali wakuya ngati wa ngolo ya njerwa.

Cha m'ma fili anaona munthu patsogolo, atanyamula piki paphewa, akumuimitsa ndi dzanja. Gelevazio anakondwa. Anafuna munthu woyankhula naye, wina aliyense. Anaima, ndipo munthuyo anabwera akuthamanga. Atatsala masitepe asanu anachepetsa liwiro, kenako anaima. Anavula chipewa.

"Pepani, bambo. Sindinaone bwino."

"Kwerani, achimwene, malo alipo. Simulipira."

Munthuyo sankayang'ana Gelevazio. Ankayang'ana kumbuyo kwake, maso akuyenda pang'onopang'ono.

"Ayi, mwapanikizana kale. Muyende bwino nonse."

Sanapitirize ndi msewu. Analowa patchire, chipewa chili m'manja.

Kuyambira pamenepo Gelevazio anakhotetsa magalasi onse awiri kuti ayang'ane pansi. Anati sankamva kuti wina wamugwira ayi. Koma inu mukudziwa mmene msana umamvekera ukanyamula munthu: mphepo siifika kumbuyo. Malaya ake sankakupiza. Ndipo akamakhota, njinga inkapendekeka mochedwa, ngati pali anthu osazolowera kukwera amene akuumitsa thupi. Fungo la dothi lonyowa, longa la mvula yoyamba, linkamutsatira m'dziko louma limenelo.

Petulo amene ankamufikitsa ku Furankungo anatha ali pakati pa njira. Anakankha njinga, thukuta lili kamukamu, mpaka pa kagolosale kena kamene mayi wina amagulitsa petulo wa m'mabotolo. Dzuwa linali likulowa. Galu wa pamenepo anatuluka akuuwa, n'kusiya mwadzidzidzi, n'kukalowa pansi pa benchi. Mayiyo anabweretsa mabotolo atatu, koma sanathire yekha ngati mmene ankachitira kale. Anawaika pansi chapatali.

"Mwanyamula chiyani lero, a Malawi?"

"Kachikwama kokha, mayi."

"Hmm." Anayang'ana njingayo nthawi yaitali. "Inuyo mugone pakhondepa. Koma iyo ikagone uko, pansi pa mtengo. Pakhomo panga pali ana."

Sanagone. Mdima utangokhazikika, anamva kutsokomola kuchokera pansi pa mtengo paja, chifuwa chouma cha anthu a m'maenje, chimene chimamveka ngati munthu akung'amba nsalu. Wina akamaliza, wina ankayamba. Kenako kunayamba kugogoda, chitsulo pa chitsulo, pang'onopang'ono: ngo, ngo, ngo. Kupuma. Ngo, ngo, ngo. Sikunali kugogoda kwaukali. Kunali kwa munthu wotopa amene akungokumbutsa kuti adakalipo. M'nyumbamo Gelevazio anamva mayi uja akusuntha tebulo kutsekera chitseko. Iye anadzifunditsa jekete kumutu mpaka tambala analira.

Kutacha anapeza mpando wa njinga uli ndi matope ofiirira, onyowa, kuyambira pamene pamathera malo ake mpaka pa chikwama. Pansi pa mtengopo panali pouma gwa. Anapukuta ndi udzu, n'kukwera. Kodi akanatani? Mayi ake anali atanena kale.

Anapyola Furankungo osaima. Cha m'ma teni, pamalo pena pamene pali mtengo wa mango ndi mjigo wakufa, injini inangozima. Panalibe chitunda, petulo analimo. Anatchaya kiki kakhumi. Anatsegula pulagi, n'kuipeza yoyera. Anatchayanso mpaka mwendo unachita dzanzi. Atakhala pansi kuti apume ndi pamene anawazindikira malowo. Kanjira kamene kamatsika kumanzere kwa mjigowo kamapita kumudzi kwa Zuze. Pansi pa mango amenewo ndi pamene anamupeza Zuzeyo chaka cham'mbuyo mwake atakhala ndi nkhuku ziwiri zogulitsa, n'kumuuza za golide.

Anaimirira. Anayang'ana uku ndi uku, kunalibe munthu. Anayankhula osatembenukira ku njinga.

"Zuze. Wafika. Tsika."

Njinga inalira kuti kwii, kumbuyo n'kukwera pang'ono, ngati mmene imachitira munthu akatsika.

Kumudzi kuja kunatuluka galu wachikasu, wowonda, akuthamanga mokwera kanjirako. Sanabwere kwa Gelevazio. Anaima pafupi ndi mjigo, n'kuyamba kudumphadumpha, mchira ukugwedezeka, akulira mokondwa. Kenako anatembenuka, n'kumatsika kanjirako pang'onopang'ono, akuyang'ana m'mwamba kumbali kwake, ngati mmene galu amayendera ndi mbuye wake.

Gelevazio ankadziwa kuti ayenera kutsatira, akagwade pakhomo, anene zimene zachitika. Ankadziwa kuti Bwana Dikisoni sanatumize uthenga kwa aliyense. Koma anatchaya kiki, njinga inalira nthawi yomweyo, ndipo anathawa. Akukhota, anaona mzimayi m'munda wa m'munsi ataimirira, khasu litagwa pansi, akuyang'ana galuyo.

Njinga inapepukako, koma pang'ono pokha.

Tsopano ankadziwa pamene idzazimenso, ndipo anayesa kuzemba. Iye anamutenga Witinesi pa mphambano ina kufupi ndi Ulongwe, pamene pali kamsika ka tomato. Gelevazio anadzera njira yodula ya m'minda kuti asadutsepo. Njirayo anaipeza yatsekedwa, mlatho wamitengo utathyoka. Anabwerera. Atayandikira mphambanoyo anakoka moto wonse kuti adutse mothamanga. Injini inazima ali pa liwiro, njinga n'kuyenda yokha mwakachetechete mpaka inakaima patsogolo penipeni pa benchi ya tomato.

Kuseri kwa benchiyo kunali Anastaziya, mkazi wa Witinesi. Anamuzindikira nthawi yomweyo, n'kuimirira akumwetulira, akupukuta manja pa chitenje.

"A Gelevazio! Mwachokera kumeneko? Ali bwanji bambo a kunyumba? Foni yawo siikugwira sabata yonse."

"Ali... njinga yandivuta pang'ono, mayi."

Anawerama ngati akuona injini, n'kunong'ona, "Witinesi, tsika. Wafika." Palibe chinachitika. Ananong'onanso. Anatchaya kiki. Zii. Azimayi a mabenchi ena anayamba kuyang'ana. Anastaziya anali atazungulira benchi, ataima pafupi. Kumwetulira kuja kunali kutatha. Ankanunkhiza.

"Fungo ili ndi la chiyani? Kwagwa mvula kumene mwachokera?"

Gelevazio anavula chipewa chake cha njinga, n'kugwada pafumbi, pakati pa msika.

"Mayi, dzenje linagumuka. Lolemba la sabata yatha. Amuna anu ali pansi. Sanawatulutse."

Anastaziya sanakuwe. Anabwerera m'mbuyo mpaka anatsamira benchi, tomato n'kugubuduka pansi.

"Lolemba la sabata yatha," anatero. "Ine Lachitatu ndinagula nsalu ya makatani. Ndimati akamabwera apeze nyumba yooneka bwino." Anamuyang'ana. "Ndipo inu mumadutsa. Ndaona liwiro limene munabwera nalo. Mumadutsa."

"Ndinachita mantha, mayi."

"Tsiku lija simunachite mantha. Munakhala apa, pa benchi yangayi, munadya tomato wanga ndi mchere, mukumuuza kuti mwamuna weniweni sakhalira kuthirira dimba la mkazi. Ine ndinati asapite. Munandiseka. Mukukumbuka?"

"Ndikukumbuka."

"Mwabwera naye chiyani? Malaya ake? Nsapato?"

Gelevazio anamasula chikwama, n'kutulutsa jumbo ija. Anaitsegula pamaso pake. Anastaziya anayang'ana dothilo, n'kuseka kuseka koipa kumene kunachititsa azimayi ena kuyamba kulira.

"Munamutenga ndi miyendo yake iwiri."

Anapisa dzanja m'jumbomo, n'kutapa dothi lodzaza chikhatho, n'kulimanga pa nsonga ya chitenje. Kenako anayang'ana mpando wa njinga, nkhope yake n'kusintha. Anayankhula ndi mawu ena, apansipansi, a m'nyumba.

"Bambo a Rozina, tsikani. Tiyeni kunyumba. Musakwerenso za anthu awa."

Njinga inalira kuti kwii.

Anastaziya anayamba kuyenda, azimayi anzake n'kumutsatira, maliro n'kuyambira pamsewu pomwepo. Mwamuna wina wokalamba wogulitsa fodya anabwera pamene Gelevazio anagwada.

"Dzukani muzipita, achibale ake asanamve. Ndipo njira ino muiiwale."

Anawoloka malire dzuwa likupendeka, n'kufika ku Lobi anthu akubwera kumadimba. Ine ndinamuona akudutsa pa siteji pano. Ndinamubayibitsa, sanandione. Nkhope inali yotuwa ndi fumbi, maso ofiira, ndipo njinga inali itakhala pansi kumbuyo ngakhale anali yekha. Injini inakazima yokha pa mpanda wa a Nangozo.

Mayi ake anatuluka. Gelevazio anagwada, n'kupereka jumboyo ndi manja awiri. Ulendo uno dzina linatuluka.

"Lufeyo, mng'ono wanga, wafika kwanu. Tsika."

Njinga inalira. Mwana wa Ndaziona, amene ankalira m'nyumba, anangoti zii. A Nangozo analandira dothilo, n'kulikumbatira pachifuwa, ndipo apa ndi pamene analira. Tinaika maliro m'mawa mwake, thunthu la nthochi ndi dothi m'bokosi lopepuka limene anthu anayi ananyamula ngati mulibe kanthu. Ndaziona sanamuyankhule mlamu wakeyo, ngakhale pa manda. Mpaka lero sanamuyankhule.

Patatha sabata, Gelevazio anatsuka njinga yake, n'kubwera pa siteji. Tonse tinaona. Kumbuyo kunali kudakali pansi. Zopondera zinali zotsitsa. Mayi wina wopita kuchipatala anabwera, n'kukweza mwendo kuti akwere, n'kuubweza. Anati wasintha maganizo, n'kukwera yanga. Tili m'njira anandifunsa kuti bwanji mnzanuyo amaitanira anthu pampando wonyowa. Tsiku lonse Gelevazio sananyamule munthu. Tsiku lotsatira chimodzimodzi.

Anaganiza kuti ndi Lufeyo, kuti wakana kumukhululukira. Anapita ndi njinga kumanda, n'kugwada, kupepesa mpaka mawu anasasa. Kenako anapita kwa mayi ake.

"Amayi, muuzeni mwana wanu andisiye. Ndalakwa, ndavomera. Koma ndidya chiyani?"

A Nangozo anatuluka, n'kuima patali ndi njingayo, manja kumbuyo.

"Wanga anafika. Tsiku lomwe lija ndinamumva akupukuta mapazi pakhomo, ngati mmene ankachitira akachoka kudimba. Wanga ali kwawo." Analoza ndi mlomo. "Uyo si wanga. Ameneyo ndi wako."

"Koma anali atatu, amayi. Bwana anati atatu. Onse ndawatula."

"Ndiye kafunse bwana wakoyo kuti amawerenga bwanji anthu."

Analowa m'nyumba, n'kutseka chitseko.

Anaimbira Mayi Filomena. Mayiyo anati inde, m'mawa wa tsiku limene dzenje linagumuka analowamonso wina, wamtali, wosayankhulayankhula, amene ankagona yekha kuseri kwa makina. Bwana sanamutchule chifukwa panalibe amene akanabwera kudzamufunsa. Dzina lake? Onse ankangomuitana kuti Wajekete. "Koma inu muyenera kumudziwa, bambo," anatero. "Munabwera naye ndinu."

Pamenepo ndi pamene anakumbuka. Unali mwezi wa Julayi, kukuzizira. Anali akupita ku Kamphulusa wopanda munthu, ndipo penapake pakati pa malire ndi Furankungo anapeza mwamuna ataima m'mbali mwa msewu, atavala jekete yong'ambika paphewa, thumba la feteleza m'manja. Anamufunsa ngati akufuna ntchito. Munthuyo anagwedeza mutu, n'kukwera. Ali m'njira ananena zinazake kumbuyoko, mwina dzina lake, mwina mudzi wake, mwina za ana ake. Mphepo ndi injini zinameza mawuwo, ndipo Gelevazio anangoti, "Eya, eya," osamva kanthu. Anakhala naye pa njinga tsiku ndi theka. Anamutula kwa Bwana Dikisoni, n'kubwerera akuimba.

Anayesa kukumbuka pamene anamutengera. Panali mtengo? Panali mlatho? Tchalitchi? Anati akatseka maso amangoona jekete ija.

Anayesa kugulitsa njingayo. Wogula wa ku Chimbiya anaibweza tsiku lachitatu, anaisiya pakhomo m'mamawa osagogoda n'komwe. Anayesa kuisiya m'nyumba n'kumayenda pansi, koma kugogoda kuja kunkayamba, ngo, ngo, ngo, mpaka oyandikana nawo nyumba anadandaula. Ndiye anayamba zimene akuchita mpaka pano. Amalima maganyu milungu iwiri kuti apeze petulo, kenako amawoloka malire. Pa kanjira kalikonse kopatuka pamsewu umenewo amaima, n'kudikira kuti mwina injini izima yokha. Amalowa m'midzi kufunsa ngati kuli banja limene mwamuna wake wamtali anachoka mu Julayi atavala jekete yong'ambika. Midzi ina amamuthamangitsa. Midzi ina amamuuza kuti amuna otero anachoka ambiri, mukunena uti? Kwa Zuze anapitako pamapeto pake, ndipo bambo ake a Zuze anamumvetsera mpaka kumaliza, n'kumuuza kuti galu anawauza kale.

Ndinamuona komaliza chaka chatha, mvula itangoyamba. Ndinamupeza pa msewu wa ku malire, tayala lakumbuyo litaphulika. Anali ataonda, tsitsi litayamba imvi, kuseka kuja kulibe. Ndinaima, pamodzi ndi anzathu awiri, kuti timuthandize. Tinagwira kumbuyo kwa njinga atatu kuti tiikweze pa mwala. Siinasunthe. Tinayesanso, misempha kutuluka m'khosi. Inali ngati yamera mizu. Chitsulo chimene ndinagwiracho chinali chozizira, ndipo m'manja mwanga munatsala matope.

Gelevazio anatiuza kuti tisiye. Anavula chipewa, n'kuwerama pang'ono pafupi ndi mpando, ngati mmene umayankhulira ndi munthu wamkulu amene wamuyendetsa ulendo wautali.

"Achimwene," anatero, "pepani. Tatsikani pang'ono timate tayala. Tipitiriza."

Njinga inalira kuti kwii. Ndinaikweza ndekha, ndi dzanja limodzi.

Tinayamba kumata tayalalo. Anzathu awiri aja anachoka tisanamalize. Titapopa, Gelevazio anakwera, n'kudikira kaye, miyendo ili pansi, mpaka kumbuyo kunatsikanso. Kenako anatchaya kiki, n'kulowera ku malire.